Madzi akaundana m'mapaipi a kalavani

Ntchito ya mapaipi ndaigwira zaka zambiri kuno ku Mchinji, kuyambira pa Boma mpaka ku Kamwendo ndi ku Kapiri, ndipo mapaipi ophulika ndawaona amitundumitundu: okhapidwa ndi khasu polima, opondedwa ndi ngolo, apulasitiki owauka ndi dzuwa la mu Okotobala mpaka kuthetheka ngati chigoba cha dzira. Koma paipi yophulika ndi kuzizira sindinaigwirepo ndi manja anga. Ndinaionera pa foni, m'mawa wina wa mu Julayi, mng'ono wanga atandiimbira pa WhatsApp ali pa famu ina kufupi ndi Bethlehem, m'chigawo cha Free State ku South Africa. Iyeyu amagona m'kalavani, ngolo zogonamo zokokedwa ndi galimoto zija timaziona zikudutsa pa chipata cha Mwami alendo akamachoka ku Chipata kupita kunyanja. Bwana wake anamupatsa kuti azikhalamo poyang'anira nkhosa.

"Achimwene, mpopi sukutulutsa madzi, chonsecho thanki ndi yodzadza." Ndinamufunsa za pampu, akuti ikulira. Batire nalo akuti lili ndi moto. Cha m'ma 10 koloko anaimbanso, mawu atasintha: madzi ayamba kutuluka, koma akutulukira kunsi kwa bedi.

Nkhaniyi inandikhudza, chifukwa mwanayu si wosasamala ayi. Anangokulira kumene madzi saundana. Kwathu kuno mu Juni ndi Julayi timati kwazizira, ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, madzulo timasonkhezera zitsononkho pamoto, koma madzi amene mayi asiya m'ndowa pakhonde amacha ali madzi ndithu. Chisanu choyeretsa udzu mbuu amachidziwa a ku mapiri ngati ku Nyika, kumene malo ndi okwera kuposa mamita 2,000. Tsono abale athu ali mbwee ku Joni, ena ku Ireland, ku UK, ku Canada ndi ku America, ndipo ena mwa iwo amagona m'makalavani a m'mafamu kapena a pamalo omanga. Kumenekotu kuzizira si nkhani yongovalira juzi. Ku Sutherland, m'chigawo cha Northern Cape, kunazizirapo mpaka kupitirira madigiri 16 pansi pa ziro mu Julayi 2003. Ku Johannesburg komwe kunagwa chipale pa 10 Julayi 2023. Ku Texas mu Febuluwale 2021 mapaipi anaphulika m'nyumba zankhaninkhani, zenizeni zomanga, osati ngolo.

Tiyambire pa madziwo. Zinthu zambiri zikazizira zimafinyikira pamodzi, ndipo madzi nawo amatero, koma amalekezera pa madigiri 4. Akatsika kuposa apo amayamba kufufuma pang'onopang'ono, ndipo pa ziro, pamene akusanduka ayezi, amafufuma kwambiri: malita 100 a madzi amafuna malo a malita pafupifupi 109. Chimachitika n'chakuti tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga madzi timafola mwadongosolo, kusiya mipata pakati pawo, pomwe ali amadzimadzi timakhala tothithikana. N'chifukwa chake ayezi amayandama m'kapu. Amayi ogulitsa mafirizesi pamsika izi amazidziwa bwino: kapulasitiki kakadzazidwa mpaka pakamwa, kamatuluka m'firiji katang'ambika. Botolo lagalasi la Fanta loiwalika mu dipu firiza limapezeka lili zidutswazidutswa.

Koma paipi siphulika ndendende ngati botolo lija, ndipo apa m'pamene ine ndinaphunzira chachilendo. Munthu angaganize kuti ayezi amakankha khoma la paipi pamalo pomwe waundanapo. Nthawi zambiri sizitero. Madzi amayamba kuundana pamalo amodzi ozizira kwambiri, mwina pomwe paipi yadutsa pafupi ndi kachitseko kakunja, n'kupanga chotsekera ngati chitsononkho cha pakamwa pa chigubu. Chotsekeracho chikamakula chimatalika motsatira paipi, n'kumakankha madzi omwe sanaundane kulowera ku mpopi. Mpopiwo ndi wotseka. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye mphamvu imakwera monga zimachitikira mu jeke ya mafuta yonyamulira galimoto, mpaka pofooka penapake pagonje. Pofookapo kawirikawiri pamakhala pa jointi, pokhota, m'mutu wa mpopi, m'kasefa ka pampu kapena m'kavalavu ka chimbudzi, ndipo patha kukhala patali ndithu ndi pomwe pali ayezi. M'kalavani vutoli limakula chifukwa pampu ili ndi valavu yoletsa madzi kubwerera m'thanki, kotero madzi amatsekeredwa uku ndi uku. Ndipo poti ayezi amatseka njira, mng'alu suoneka usiku. Umaonekera dzuwa likakwera, ayezi atasungunuka, pampu n'kuyamba kukhuthulira thanki yonse pansi pa bedi. N'zimene zinamuchitikira mng'ono wanga 10 koloko ija.

Palinso nkhani ya nthawi. Madzi akafika pa ziro saundana pompopompo. Kuti lita imodzi isanduke ayezi, iyenera kutaya kutentha kochuluka mofanana ndi kumene kungatenthetse lita yomweyo kuchoka pa ziro kufika pa madigiri 80. Ndiye thanki ya malita 100 ikhoza kupirira usiku wonse wa chisanu, m'mawa n'kupezeka ndi kachikhungu chabe pamwamba. Koma mita imodzi ya paipi ya hafu inchi imasunga madzi okwana theka la kapu ya tiyi basi, ndipo kutentha kwake kumatha m'maola ochepa. Chaching'ono ndi chimene chimayamba kuundana, chapanja chimatsogola, chamkati n'kumatsatira. Ofufuza za zomangamanga a pa yunivesite ya Illinois ku America anapeza kuti m'nyumba, mapaipi osakutidwa amayamba kukhala pangozi panja pakafika madigiri pafupifupi 7 pansi pa ziro. Imeneyo ndi nyumba. Kalavani makoma ake ndi opyapyala, yaima m'malere pa matayala, mphepo imadutsa kunsi kwake usiku wonse, choncho musadikire nambala imeneyo. Azanyengo akanena kuti usiku kufika pa ziro, yambani kukonzekera. Amene muli ku America dziwani kuti kumeneko amayeza mwa Fahrenheit, ndipo ziro wathu kwa iwo ndi 32.

Ndingawonjeze kuti ngakhale akanena madigiri 2 kapena 3 pamwamba pa ziro musagone tulo tofa nato. Muyezo wa azanyengo amautengera pamwamba pang'ono, cha m'chifuwa mwa munthu, pomwe pansi penipeni pamazizira kuposa apo, makamaka usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nthaka ikamataya kutentha kwake kumwamba popanda chophimba. Alimi a m'madimba a m'mbali mwa Bua amadziwa kuti m'dambo ndi mozizira kuposa kumtunda, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'zigwa. Ngati muli ndi mwayi wosankha poimika kalavani, pewani m'chigwa, funani pokwererapo, pomwe dzuwa la m'mawa limafika msanga. Ndipo nthawi yoopsa kwambiri si pakati pa usiku, koma m'bandakucha.

Madzi a m'kalavani amayenda chonchi. Pali thanki ya madzi abwino, mwina kunsi kwa bedi, mwina yolendewera kunsi kwa ngolo. Pampu yaing'ono ya batire la mavoti 12 imakoka madziwo kupita ku sinki, ku shawa, ku chimbudzi ndi ku giza. Makalavani ambiri ali ndi polumikizira hozi yochokera pa mpopi wapanja, kuti musamavutike kudzaza thanki. Madzi otsukira ndi osamba amapita m'thanki ina, zam'chimbudzi m'thanki inanso, ndipo mathanki awiriwa amakhala kunsi, mavalavu ake ali panja penipeni. Mukafuna kudziwa pomwe padzayambire vuto, gonani chagada pansi pa ngoloyo masana, muone chilichonse chimene mphepo ingakhudze.

Tsono njira zenizeni zilipo ziwiri zokha, ndipo munthu ayenera kusankha imodzi osaima pakati. Mwina madziwo muwasunge ofunda, kapena muwachotsemo onse. Yoyamba ndi ya munthu amene akugonamo, yachiwiri ndi ya amene akuisiya.

Kwa wogonamo, chinthu chophweka kuposa zonse, chosalira ndalama, ndi hozi ija. Dzazani thanki masana kukali kofunda, dzuwa likamapendeka tsekani mpopi wapanja, masulani hozi mbali zonse ziwiri, inyamuleni kuchokera kumapeto kumodzi kuti madzi onse atsike, muipinde n'kuilowetsa mkati. Usiku gwiritsani ntchito madzi a m'thanki. Kumaiko ozizira amagulitsa hozi yokhala ndi waya wotenthetsa mkati mwake, komanso waya wapadera womata motsatira paipi, umene mtundu wake wabwino umadzichepetsera wokha moto paipi ikafunda. Zimagwira ntchito, koma zimadalira magetsi, ndipo magetsi akazima 2 koloko usiku hozi yodula ija imasanduka hozi wamba. Mutu wa mpopi wapanja nawo uyenera kukutidwa, chifukwa ambiri amateteza hozi n'kuiwala chitsulo chomwe yalumikizidwako.

Pa nkhani yokuta mapaipi pali kusamvetsa kwakukulu, ndipo mng'ono wanga anagwera momwemo. Atakonza mng'alu, anagula siponji yokutira mapaipi, n'kundiuza kuti basi wathana nazo. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ukafunditsa mwala bulangete, ufunda?" Bulangete silipanga kutentha, limangosunga kumene thupi likutulutsa. Siponji imachedwetsa kuzizira, ndipo kuchedwetsako n'kofunika, chifukwa kukhoza kufikitsa paipi m'mawa isanaundane. Koma kukazizira masiku awiri atatu osalekeza, masana osakwera pamwamba pa ziro, paipi yokutidwa imaundana chimodzimodzi ngati palibe gwero la kutentha pafupi. Choipa china, ikaundana ili m'siponji imachedwanso kusungunuka. Kutani ndithu, makamaka pokhota ndi m'majointi pomwe anthu amasiya mipata, koma dziwani chimene mwagula.

Kutentha kwa m'chipinda kuyenera kufika kumene kuli mapaipi. Mapaipi a m'kalavani amabisika m'makabati, kuseri kwa chimbudzi ndi kunsi kwa bedi, moyandikana ndi khoma lakunja. Munthu akhoza kugona thukuta lili kamukamu pomwe m'kabati ya pansi pa sinki muli zii ngati panja. Tsegulani zitseko za makabati usiku, tukulani chivundikiro cha pomwe pali pampu. Tsekani timipata tomwe mapaipi ndi mawaya alowera pansi. Kenako tchingani kunsi kwa ngolo kuzungulira konse, ndi matabwa, malata, lona kapena siponji yolimba, kuti mphepo isamapite pansi ndipo kutentha kochokera m'nthaka kukhale momwemo. Mphepo siingazizitse paipi kuposa mmene mpweya wazizirira, koma imafulumizitsa kwambiri. Pa famu chiyeso chimakhala chotchinga ndi mitolo ya udzu wa ziweto poti ili pomwepo. Ine sindingalimbikitse: udzu umaitana makoswe odzadya mawaya, ndipo ife a ku dera la fodya tikudziwa mmene chigafa chimapsera.

Pali msampha wina wosaonekera msanga. Makalavani ena, makamaka a ku America ndi Canada, ali ndi hita ya gasi imene imapemerera mpweya wotentha m'chipinda komanso kunsi kumene kuli mathanki. Gasi ndi wodula, ndiye munthu amagula kahita ka magetsi n'kukaika pakati pa chipinda. M'chipindamo mumafunda, thermostat, kachipangizo koyeza kutentha komwe kamayatsa ndi kuzimitsa hita, imaona kuti zonse zili bwino, hita ya gasi siyaka, ndipo kunsi kumaundana mwini wake ali m'tulo tokoma. Usiku wozizira kwambiri lolani hita yeniyeni ya kalavaniyo igwire ntchito yake. Onaninso mtundu wa gasi. Wa butane amaleka kusanduka mpweya cha pa ziro pomwepo, kotero silinda imakhala yolemera koma moto osayaka, pomwe wa propane amagwirabe ntchito mpaka madigiri 42 pansi pa ziro. Amene ali ku UK amawasiyanitsa ndi mtundu wa silinda za kampani ya gasi ya Calor: ya buluu ndi butane, yofiira ndi propane.

Apa ndiime kaye, chifukwa chimene chimandiopsa kwambiri si paipi. Mmalawi akazizidwa maganizo amathamangira ku mbaula. M'khitchini ya kumudzi, ya denga laudzu ndi mipata paliponse, utsi umapeza potulukira. Kalavani ndi kabokosi kotsekeka. Makala akamayaka m'malo ochepa mpweya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wosaoneka. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo, ndipo wogonayo sadzukanso. Nyengo yozizira ku South Africa anthu amamwalira ndi zimenezi, mabanja athunthu nthawi zina. Mbaula isalowe m'kalavani ngakhale makala atayaka kale psuu, isaikidwenso kunsi kwake pofuna kufunditsa mathanki. Chitofu cha gasi chophikira si chowothera. Timabowo tolowetsa mpweya tomwe opanga anasiya tisatsekedwe ndi nsanza, ndipo kachipangizo kolira pakakhala mpweya wa poizoni n'kofunika kugula musanagule n'komwe siponji. Mng'ono wanga ndinamulumbiritsa pa ichi, ndipo ndimamufunsabe.

Ena amalangiza kusiya mpopi ukudontha usiku. Nzeru yake ndi yoona, ndipo mwaiona kale: mpopi wotseguka pang'ono umapatsa madzi opanikizika aja pothawira, kotero ngakhale paipi itaundana siphulika msanga. M'nyumba zimathandiza. M'kalavani madonthowo amakathera m'thanki ya madzi otsukira, imene ikadzaza madzi amabwerera m'shawa, ndipo ngati mwasiya valavu yotsegula, timadzi toyenda pang'onopang'ono timaundana m'paipi yotayira mpaka kuitseka yonse. Chabwino n'kuzimitsa pampu pogona, n'kutsegula mipopi kuti mphamvu ituluke. Mavalavu a mathanki a zonyansa azikhala otseka, muzikhuthula masana kukafunda thanki ikatsala pang'ono kudzaza, paipi yotayira n'kuikhetsa bwino.

Njira yachiwiri, yochotsa madzi, ndi imene ine ndimaikhulupirira kwambiri, mwina chifukwa siidalira magetsi kapena gasi. Aliyense wosiya kalavani nyengo yozizira, ngakhale kwa masiku atatu okha, achite zimenezi. Yambani ndi giza: zimitsani magetsi ndi gasi wake, dikirani madzi azizire, tsegulani mpopi wa madzi otentha kuti mphamvu ichoke, kenako masulani potulutsira. Kuzimitsako musakuiwale, chifukwa elementi ikayaka m'giza yopanda madzi imapsa nthawi yomweyo. Khuthulani thanki ya madzi abwino ndi mathanki a zonyansa. Kunsi kwa ngolo kumakhala timavalavu pamalo otsikitsitsa a mapaipi, kamodzi ka madzi ozizira kena ka otentha. Titseguleni pamodzi ndi mipopi yonse kuti mpweya uzilowa kumwamba madzi akutsika. Mpopi wa chogwirira chimodzi usiyeni chogwiriracho chili pakati, chotukula, kuti mbali zonse ziwiri zitseguke. Lizani pampu kanthawi kochepa kuti ilavule otsalira, masulani kasefa kake, chotsani fyuluta ya madzi akumwa ngati ilipo, mutu wa shawa muumasule n'kuugwedeza.

Ngakhale mutatero, madzi amatsalira m'malo momwe paipi yagwa mimba. Ochotsa bwino ndi mpweya. Lumikizani kompuresa polowera hozi, muichepetse mphamvu ifike pa 2 bar kapena 30 psi, ngati mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, chifukwa mphamvu yopopera matayala a lole idzaphulitsa majointi omwe mukufuna kuteteza. Tsegulani mpopi umodzi pa nthawi, mbali yozizira kenako yotentha, mpaka utuluke mpweya wokhawokha. Musaiwale chimbudzi, komanso kashawa kapanja kamene makalavani ena ali nako, komwe kamaiwalika chaka ndi chaka.

Kumene kumazizira koopsa amathiranso mankhwala oletsa kuundana, antifreeze. Pano mverani bwino, chifukwa dzina ndi limodzi koma zinthu ndi ziwiri. Wa mu rediyeta ya galimoto amapangidwa ndi ethylene glycol, poizoni woononga impso, ndipo ndi wotsekemera, moti ana ndi agalu amamwa osadziwa. Ameneyo asayandikire paipi ya madzi akumwa. Wa makalavani ndi maboti kawirikawiri amapangidwa ndi propylene glycol, amakhala wa pinki, ndipo pachigubu amalemba kuti ndi wa mapaipi a madzi akumwa. Musadalire mtundu wokha poti wa galimoto winanso amakhala wofiirira, werengani. Wa makalavaniyu sasungunulidwa ndi madzi. Kukazizira kwambiri amalimba ngati phala koma safufuma mophulitsa paipi. Musanathire, tembenuzani mavalavu olambalalitsa giza, apo ayi malita ambiri angothera m'gizamo. Mukalambalalitsa, malita 8 mpaka 12 amakwanira kalavani yapakatikati. Pampu ikoke kuchokera m'chigubu, muzitsegula mpopi uliwonse mpaka pinki aoneke. Ngakhale amene wasankha mpweya wokha athireko kapu imodzi m'sinki, m'shawa ndi m'chimbudzi, chifukwa kapaipi kokhota ka pansi pa sinki kamasunga madzi dala kuti fungo lisabwerere, ndipo kompuresa sifikako. Nyengo ikafunda tsukani mapaipi ndi madzi ambiri musanayambe kumwa. Mchere musayese: ukapanda kuchuluka kwambiri umatsitsa pang'ono chabe poundanira madzi, poti ngakhale madzi a m'nyanja yamchere amaundana pa madigiri 2 pansi pa ziro, ndipo umadya zitsulo za giza ndi pampu.

Nanga mukadzuka mpopi uli gwa? Choyamba zimitsani pampu ndi kutseka madzi apanja, kuti ngati pali mng'alu musasambitse nyumba. Tsegulani mpopi womwe wakanawo. Fundetsani chipinda, makabati ali otsegula, ndipo paipiyo muitenthetse pang'onopang'ono ndi chowumitsira tsitsi kapena nsanza zoviika m'madzi ofunda, kuyambira ku mpopi kubwerera m'mbuyo, kuti madzi osungunuka azipeza potulukira. Moto wa lawi, kaya wa gasi wowotcherera kaya wa nyuzipepala, ayi: mapaipi ambiri a m'kalavani ndi apulasitiki, makoma ake ndi matabwa opyapyala ndi siponji. Mapaipi apulasitiki a mtundu wotchedwa PEX amatha kufutukuka pang'ono osang'ambika, koma majointi ake olimba alibe chifundo chotero, ndiye muwapapase limodzilimodzi ndi dzanja louma.

Madzi akabwerera, tsekani mipopi yonse, yatsani pampu, mukhale chete n'kumvetsera. Pampu yabwinobwino imalira pang'ono n'kusiya. Ikamadzidzimuka yokha pakapita mphindi zingapo popanda wotsegula mpopi, penapake pakudontha. Umu ndi mmene tinapezera mng'alu wachiwiri wa mng'ono wanga, iye atagwira foni pafupi ndi pampu, ine ndikumvetsera ndili pakhonde kuno ku Mchinji. Woyamba unali pa jointi yokhota kunsi kwa bedi. Wachiwiri unali pa kambale koonekera mkati ka sefa ya pampu, wowonda ngati tsitsi, woti anauona atawalitsa tochi cham'mbali.